Mmene mungathandizire munthu amene watenthedwa kapena wazizidwa kwambiri

Mkati mwa thupi la munthu mumatentha pafupifupi madigiri 37 pa sikelo ya Celsius, ndipo ziwalo zonse zimagwira bwino ntchito pa mlingo umenewu. Kutenthaku kukapitirira 40 kapena kukatsika pansi pa 35, ubongo ndiwo umayamba kusonyeza kuti zinthu zavuta. Choncho musanachite china chilichonse, yesani mutu wa munthuyo. Mufunseni dzina lake, kumene ali, ndi zimene amachita. Akayankha zomveka, nthawi muli nayo. Akamabwebweta, kudzandira ngati woledzera, kupsa mtima popanda chifukwa, kapena kusinza mukumulankhula, moyo wake uli pachiswe ndipo wina ayitane thandizo lachipatala pomwepo.

Chachiwiri choti musunge ndi liwiro la thandizo lanu. Wotenthedwa amafunika kumuziziritsa msanga, mwachangu chenicheni. Wozizidwa amafunika kumutenthetsa modekha, osamugwedeza. Anthu ambiri amasinthanitsa ziwirizi: wotenthedwa amamupukuta pang'ono ndi kansalu konyowa n'kumadikira, pamene wozizidwa amamutikita mwamphamvu n'kumukokera pamoto.

Zimene kutentha kumachita

Kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus ndiko kamayang'anira kutentha kwa magazi. Magazi akatentha, kamatsegula timitsempha ta pakhungu kuti magazi apite kunja akazizire, ndiponso kamatulutsa thukuta. Zonsezi zili ndi mtengo wake. Munthu akakhala chabe, mtima umapopa magazi pafupifupi malita 5 pa mphindi, koma kukatentha kwambiri khungu lokha likhoza kufuna malita 7 pa mphindi. Mtima umathamanga, pamene madzi a m'magazi akutha chifukwa cha thukuta, lomwe kwa munthu wogwira ntchito yolemetsa limafika lita imodzi kapena awiri pa ola. Magazi opita ku matumbo ndi ku impso amachepa. Ichi n'chifukwa chake ambiri amene amafa m'nyengo yotentha ndi okalamba ndi odwala mtima kapena impso. Ku Ulaya, m'chilimwe cha 2003, kutentha kunapha anthu oposa 70,000, ndipo ambiri anali okalamba.

Thukuta limaziziritsa pokhapokha likauma pakhungu. Lotsika m'thupi n'kudonthera pansi ndi madzi otayika chabe. M'zaka za m'ma 1770, dokotala wa ku England Charles Blagden analowa m'chipinda chotentha kuposa madigiri 120, mmene nyama inkapsa, n'kutulukamo ali bwinobwino patapita mphindi zingapo, chifukwa mpweya wake unali wouma ndipo thukuta linkauma mwamsanga. Mumpweya wa chinyezi chambiri thukuta siliuma, ndipo madigiri 33 akhoza kugwetsa munthu amene amapirira 40 kumalo ouma. Poona zanyengo, musaone madigiri okha. Onaninso chinyezi.

Kupewa

Thupi limazolowera kutentha m'masiku 7 mpaka 14. Likazolowera, thukuta limayamba msanga, limachuluka, ndipo mchere wotayika umachepa. Ngozi zambiri za kuntchito zimagwera anthu atsopano m'masiku oyambirira. Munthu wongoyamba kumene agwire padzuwa gawo limodzi mwa magawo asanu a tsiku lantchito pa tsiku loyamba, n'kumawonjezera gawo limodzi tsiku lililonse. Amene anachoka kwa mlungu umodzi kapena kuposerapo, kapena amene wangochira kumene matenda otsegula m'mimba kapena otentha thupi, ayambirenso pang'onopang'ono.

Imwani kapu imodzi ya madzi, mamililita 250, pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse pamene mukugwira ntchito. Musapitirire lita imodzi ndi theka pa ola, chifukwa madzi ochuluka opanda mchere amasungunula mchere wa m'magazi, ubongo n'kutupa, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za kutenthedwa. Ngati thukuta likutuluka kwa maola ambiri, idyani chakudya chokhala ndi mchere kapena imwani madzi a shuga ndi mchere: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni 6 aang'ono a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Mkodzo ndiwo mboni yabwino kuposa ludzu. Ukhale wotuwa pang'ono. Ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi.

Fani imathandiza mpweya ukakhala wozizira kuposa khungu. Ukapitirira madigiri 35, fani imayamba kukuuzirani mpweya wotentha, makamaka ngati ndinu wokalamba ndipo thukuta silituluka lambiri. Nyowetsani khungu kapena malaya kaye, kenaka yatsani fani. Amene amamwa mankhwala okodzetsa, a kuthamanga kwa magazi, a ziwengo kapena a matenda a maganizo afunse dokotala nyengo yotentha isanafike, chifukwa ena mwa mankhwalawa amachepetsa thukuta kapena madzi m'thupi. Asasiye kumwa paokha.

Za mwana m'galimoto n'zachidule: musamusiyemo, ngakhale kwa mphindi zochepa. Mkati mwa galimoto yoima padzuwa mumakwera madigiri pafupifupi 10 m'mphindi 10, kutsitsa galasi pang'ono sikusintha zambiri, ndipo thupi la mwana limatentha mofulumira kwambiri kuposa la munthu wamkulu.

Munthu walefuka koma akuganiza bwino

Zizindikiro zake ndi thukuta lambiri, khungu lonyowa, mutu kuwawa, chizungulire, nseru, minofu ya m'miyendo kapena pamimba kukokana, ndi mtima kugunda mofulumira. Chitani izi:

1. Musiyitseni ntchito ndipo mupititseni pamthunzi kapena m'chipinda chozizira.
2. Mugoneke chagada, miyendo mutaikweza masentimita pafupifupi 30 kuti magazi abwerere kumtima.
3. Muvuleni nsapato ndi zovala zothina kapena zokhuthala.
4. Mupopereni madzi thupi lonse n'kumamukupiza.
5. Mumwetseni madzi a shuga ndi mchere pang'onopang'ono. Akagugudiza kamodzi n'kamodzi asanza.

Akuyenera kuyamba kupeza bwino m'mphindi 30. Zikapanda kutero, kapena akamasanza chilichonse chimene wamwa, apite kuchipatala. Ngakhale atachira, asabwerere padzuwa tsiku limenelo. Ndipo musamusiye yekha, chifukwa kuchoka apa kufika pa siteji yoopsa kumatha kutenga mphindi zochepa.

Munthu watentha ndipo mutu wasokonekera

Apa ndi pamene madokotala amati heat stroke. Mkati mwa thupi mwapitirira madigiri 40, maselo ayamba kuwonongeka, makoma a matumbo ayamba kudutsitsa poizoni wa tizilombo kulowa m'magazi, ndipo chiwindi, impso ndi kuundana kwa magazi zikhoza kulephera motsatizana. Chimene chimawononga si madigiri okha, koma mphindi zimene thupi lakhala pa madigiri amenewo. Cholinga ndi kutsitsa kutenthako kufika pansi pa 39 pasanathe mphindi 30. Choncho yambani kuziziritsa pomwepo pamene munthuyo wagwera, ambulansi ikupezeni mukuchita zimenezo. Ngati mukumutengera kuchipatala nokha, muziziritseni kaye, ndipo pitirizani m'njira.

Musadikire kuti khungu liume. Anthu ambiri anaphunzira kuti wodwala chotere satuluka thukuta. Izi zimachitika kwa okalamba amene atenthedwa m'nyumba kwa masiku angapo, koma wachinyamata amene wagwa akuthamanga kapena akugwira ntchito nthawi zambiri amakhala ali thukuta kamukamu. Musakhulupirirenso choyezera cha m'khwapa kapena cha pamphumi, chifukwa khungu lonyowa limachinamiza. Ngati wakhala pamalo otentha ndipo mutu wasokonekera, muchitireni ngati heat stroke.

1. Njira yabwino koposa ndi kumumiza m'madzi ozizira mpaka m'khosi. Bafa, chidebe chachikulu kapena thanki zimagwira. Madzi akhale ozizira mmene mungathere, ndipo ayezi akapezeka thiranimo. Munthu mmodzi agwire mutu kuti usalowe m'madzi, kapena dutsitsani nsalu m'khwapa n'kuigwirira kumbuyo. Muzivundula madziwo kuti ofunda asakhazikike pakhungu. M'madzi a ayezi kutentha kumatsika pafupifupi digiri imodzi pa mphindi 5 mpaka 7.
2. Popanda bafa, mugonekeni pa lona kapena pepala lalikulu la pulasitiki. Anthu anayi akweze makona, thiranimo madzi ndi ayezi, n'kumaligwedeza kuti madzi aziyendayenda pathupi.
3. Popanda zonsezi, muvuleni, muthireni madzi ozizira mosalekeza thupi lonse, n'kumamukupiza mwamphamvu. Nsalu zonyowa zisinthidwe mphindi ziwiri zilizonse, apo ayi zimafunda n'kusanduka chofunda. Ayezi m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche amathandizira, koma paokha n'ngochedwa.
4. Lekani akayamba kulankhula zomveka, kapena patatha mphindi pafupifupi 15 ali m'madzi ozizira kwambiri, kuti musamuzizitse mopitirira.
5. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse. Musamumwetse kanthu. Akayamba kuphupha ngati wakhunyu, chotsani zinthu zimene zingamuvulaze ndipo musamuike chilichonse m'kamwa.

Paracetamol ndi aspirin sizigwira ntchito apa. Mankhwalawa amatsitsa kutentha kumene ubongo wakweza dala polimbana ndi matenda, pamene apa ubongo ukufuna kuziziritsa koma walephera. Komanso paracetamol amalemetsa chiwindi chimene chavulala kale, ndipo aspirin amakulitsa vuto la kutaya magazi. Ngakhale munthuyo atadzuka n'kunena kuti ali bwino, apite kuchipatala, chifukwa kuwonongeka kwa chiwindi ndi impso kumaonekera patapita tsiku limodzi kapena awiri. Mkodzo woderako ngati tiyi wakuda umasonyeza kuti minofu ikusungunuka ndipo impso zili pangozi.

Zimene kuzizira kumachita

Apa thupi limachita zosiyana. Limafinya mitsempha ya pakhungu, m'manja ndi m'mapazi kuti magazi ofunda atsalire ku mtima, mapapo ndi ubongo. Kenaka limanjenjemera, ndipo kunjenjemera kwamphamvu kumachulukitsa kangapo kutentha kumene thupi limapanga. Magazi akaunjikana pakati, kuthamanga kwake kumakwera, impso zimatulutsa mkodzo wambiri, ndipo magazi amakhuthala. N'chifukwa chake matenda a mtima ndi sitiroko amachuluka m'nyengo yozizira. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti kutentha kwa m'nyumba kusatsike pansi pa madigiri 18.

Sipafunika chipale chofewa kuti munthu afe ndi kuzizira. Mvula, mphepo ndi kutopa pa madigiri 10 n'zokwanira, chifukwa madzi amakoka kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Zovala za thonje zikanyowa zimamatirira pakhungu n'kumaziziritsa, pamene za ubweya zimasungabe kutentha. Valani zovala zingapo zopyapyala mosanjikiza, chakunja chikhale chotchinga mphepo ndi mvula, ndipo vulani chimodzi musanayambe kutuluka thukuta. Mowa umanamiza: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva kufunda pamene kutentha kukuthawa, ndipo umachepetsa kunjenjemera.

Kuzizidwa kwa mkati, kumene amati hypothermia, kumapita motere. Pakati pa madigiri 35 ndi 32 munthu amanjenjemera kwambiri, zala zimakanika kumanga batani, lilime limalemera. Pakati pa 32 ndi 28 kunjenjemera kumachepa mpaka kuleka, amasokonezeka ndi kusinza, ndipo ena amavula zovala chifukwa chomva ngati akutentha. Pansi pa 28 amakomoka, ndipo mtima umakhala wosachedwa kusokonekera. Munthu wozizidwa akasiya kunjenjemera asanafundidwe, sikuti wapeza bwino. Mphamvu zamuthera.

Kumutenthetsa

1. Muchotseni pamphepo ndi pamvula. Muyalireni kanthu kokhuthala pansi, chifukwa nthaka imayamwa kutentha kwambiri kuposa mpweya.
2. Chotsani zovala zonyowa mutafika pobisalika. Ngati wasokonezeka, zidulireni ndi sizasi m'malo momupindapinda manja ndi miyendo.
3. Mukuteni ndi mabulangete ouma, mutu ndi khosi zomwe, kungosiya nkhope. Kunja kwake kutaninso pulasitiki kapena lona kuti mphepo isalowe.
4. Ikani mabotolo a madzi ofunda, okulunga m'nsalu, pachifuwa, m'khwapa ndi kumsana. Khungu lozizira silimva kupsa, choncho botolo lisakhudze khungu mwachindunji.
5. Ngati ali maso, akunjenjemera ndipo akumeza bwino, mupatseni chakumwa chofunda cha shuga wambiri. Shugayo ndiye wofunika kwambiri, chifukwa ndiye nkhuni za kunjenjemera. Wosinza musamumwetse.
6. Agone chogona kwa mphindi zosachepera 30 asanayese kuimirira.

Musamutikite manja ndi miyendo, musamuyendetse kuti "magazi ayende", ndipo wosokonezeka musamuike m'bafa lotentha. Magazi a m'miyendo amakhala ozizira kwambiri kuposa apakati. Akabwerera kumtima mwadzidzidzi, kutentha kwa mkati kumatsikanso, ndipo mitsempha ya pakhungu ikatseguka nthawi imodzi, magazi opita ku ubongo amachepa. Mtima wozizira ukhoza kuima chifukwa chongomunyamula mwankhanza kapena kumukhazika tsonga. Munyamuleni ali chigonere, pang'onopang'ono.

Wokomoka akhoza kuoneka ngati wafa: thupi zii, louma gwa, maso osaphethira. Fufuzani kupuma ndi kugunda kwa mtsempha wa m'khosi kwa mphindi yathunthu, chifukwa zonse zimakhala zapansipansi ndi zotalikirana. Zikapanda kupezeka, yambani kupsinja pachifuwa ndi kumupumira, ndipo musafulumire kusiya. Ubongo wozizira umafuna mpweya wochepa. Mu 1999, ku Norway, Anna Bågenholm anakhala mphindi 80 m'madzi pansi pa ayezi, thupi lake linatsika kufika madigiri 13.7, mtima unaima, koma madokotala a ku Tromsø anatenthetsa magazi ake ndi makina ndipo anachira n'kubwerera kuntchito yake ya udokotala.

Kugwera m'madzi ozizira

Ambiri amene amafera m'madzi ozizira amamira kuzizidwa kwa mkati kusanayambe. M'madzi a madigiri 15 kapena kucheperapo, thupi limakoka mpweya mwadzidzidzi ndipo munthu amapuma wefuwefu osatha kudziletsa. Gordon Giesbrecht, wofufuza za kuzizidwa wa ku University of Manitoba ku Canada, anafotokoza nthawi zake motere: mphindi imodzi yoti kupuma kukhazikike, mphindi pafupifupi 10 manja ndi miyendo zikadagwira ntchito, ndi ola limodzi munthu asanakomoke ngati ali ndi chomuyandamitsa. Choncho m'mphindi yoyambayo musasambire. Gonani chagada, nkhope ili kunja, mpaka mpweya ukhazikike. Mphindi zotsatirazo gwiritsani ntchito kukwera pa chilichonse choyandama, ngakhale theka la thupi lokha litatuluka. Ngati mwavala jekete yoyandamitsa ndipo kumtunda n'kutali, pindani mawondo pachifuwa n'kufumbata manja m'khwapa.

Zala, makutu ndi mapazi

Kunja kukazizira pansi pa digiri 0, makamaka kuli mphepo, madzi a m'minofu ya zala, mphuno ndi makutu amaundana. Khungu limachita dzanzi, limatuwa ndi kulimba ngati kandulo. Viikani chiwalocho m'madzi a madigiri 37 mpaka 39 kwa mphindi pafupifupi 30, mpaka chifewe ndi kufiira. Yesani madziwo ndi chigongono cha munthu amene sanazizidwe, ndipo muziwonjezera ofunda. Ululu wake ndi waukulu, ndipo ibuprofen amathandiza. Chotsani mphete chala chisanatupe. Musatikite, musaboole matuza, musawambe pamoto. Ngati pali mwayi woti chiwalocho chiundanenso musanafike kuchipatala, chisiyeni chili chomwecho, chifukwa kusungunuka n'kuundananso kumawononga kwambiri kuposa kuchedwa kusungunula.

Mapazi okhala m'nsapato zonyowa ndi zozizira kwa maola ambiri kapena masiku amawonongekanso ngakhale kusanafike poundana. Vuto limeneli linasautsa asilikali ambiri m'maenje a nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Vulani nsapato tsiku lililonse, pukutani mapazi, sinthani masokosi ouma, ndipo musagone mutavala onyowa.

Pothawa kuzizira, musalowetse makala oyaka, mbaula kapena jenereta m'chipinda chotseka. Zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo kapena mtundu, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi. Anthu angapo m'chipinda chimodzi akamva mutu, chizungulire ndi nseru nthawi imodzi, tulukani nonse kunja kaye, kenaka pitani kuchipatala.

Khanda

Mwana wobadwa kumene amazizidwa ngakhale m'chipinda chimene akuluakulu akumva kufunda. Khungu lake n'lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwake, mutu ndi waukulu, amabadwa ali wonyowa, ndipo satha kunjenjemera ngati wamkulu. Kutentha kwake koyenera ndi madigiri 36.5 mpaka 37.5. Mupukuteni akangobadwa, chotsani nsalu yonyowayo, mugonekeni pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, muvekeni chipewa, n'kuwafunditsa onse awiri. Chipinda chikhale cha madigiri 25 kapena kuposerapo, ndipo kumusambitsa kudikire maola 24. Kwa ana obadwa masiku asanakwane, njira ya kangaroo, imene dokotala Edgar Rey anaiyambitsa ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, ndiyo yomweyi koma yopitirira usana ndi usiku: mwana amamangidwa choimirira pachifuwa cha mayi, bambo kapena wachibale, atangovala thewera, chipewa ndi masokosi. Gwirani pamimba ndi kumapazi kwa mwana ndi kuseri kwa dzanja lanu. Mapazi okha akazizira, mufunditseni ndi kumuyamwitsa. Pamimba pakaziziranso, kapena akamakana bere ndi kulira mofooka, muikeni pakhungu pomwepo ndipo mupite naye kuchipatala ali pachifuwapo, chifukwa kwa khanda kuzizira thupi kumathanso kukhala chizindikiro cha matenda oopsa a m'magazi.